Yankho kwa amalume pa za mtengo wa magetsi a sola

Amalume, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija, loti kodi mukaika sola kunyumba kwanu ku Area 49, magetsi ake adzakhala otsika mtengo kuposa a ESCOM pakapita zaka. Ndiyankhe pagulu pompano kuti ena amene akuganizira zomwezi amve nawo.

Musawerengere ndalama yogulira zipangizo tsiku loyamba lokha ayi. Mapanelo amatha zaka 25 kapena kupitirira, ndipo mphamvu yawo imachepa pang'ono chabe, pafupifupi theka la peresenti pachaka, koma mabatire ndi inveta (chipangizo chosintha mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi ogwiritsa ntchito m'nyumba) safika kumeneko. Mabatire a asidi aja amatha pakati pa zaka 3 ndi 5, makamaka ngati mukuwakama mpaka kutheratu usiku uliwonse, pomwe a lithium amafika zaka 10 kapena kuposerapo. Choncho m'zaka 20 mudzagula a asidi kanayi kapena kupitirira, a lithium kawiri, ndipo inveta nayo muiwerengere kawiri. Ndalama yambiri imapita pamenepa, ndipo ogulitsa ambiri sakonda kuzitchula. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, kotero mtengo wake umatsatira dola. Mukukumbukira mmene katundu anakwerera kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye batire la mtsogolo musaliwerengere pa mtengo wa lero.

Mukaphatikiza ndalama zonsezo, kuonjezerapo ya amisiri ndi mawaya, muzigawe ndi mayunitsi amene mudzagwiritse ntchito. Kuno ku Lilongwe, mapanelo a kilowati imodzi oyang'ana kumpoto amapereka mayunitsi pafupifupi 4 patsiku, ndipo amachepa kukachita mitambo m'dzinja kapena fumbi la m'chilimwe likawakuta. Tiyerekeze kuti mwaika a makilowati awiri: ndiye kuti patsiku mupeza mayunitsi 8, m'zaka 20 oposa 50,000. Koma ngati nyumba yanu imadya mayunitsi 5 okha patsiku, mugawe ndi 36,500, chifukwa mphamvu imene dzuwa lapereka mabatire atadzaza kale ndi yongotayika, ndipo yunitsi iliyonse imakwera mtengo chifukwa cha zimenezo.

Nambala imene mwapezayo muiyerekeze ndi mtengo wa yunitsi pa lisiti lanu la magetsi, podziwa kuti nawo umakwera bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA likavomereza. Ineyo ndikuona kuti ngati mukufuna kuphikira ndi kuotchera madzi pa mabatire, sola idzakudulirani kwambiri. Ikamangoyendetsa magetsi owunikira, firiji, wailesi ya kanema ndi kutchaja mafoni, ndiye imaoneka phindu lake, makamaka mukakumbukira mmene magetsi ankazimira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Munditumizire malisiti a mayunitsi a miyezi ingapo yapitayi ndi mndandanda wa zipangizo za m'nyumba, tiwerengere limodzi musanapereke ndalama kwa wogulitsa aliyense. Mupereke moni kwa azakhali.