2021 ku Zambia: zofunika kulemba ndi zosayenera kusakaniza

Aphunzitsi ena a ku Katete atumiza imelo. Akukonzera ana asukulu phunziro la zimene zinachitika m'dziko muno mu 2021, ndipo akufunsa kuti atenge ziti, asiye ziti.

Aphunzitsi, chakachi muchidule pawiri, malire ake akhale mwezi wa Ogasiti.

Masankho asanachitike zinthu zinali zothina. Boma linali litalephera kulipira ngongole yakunja ya Eurobond mu Novembala 2020, dola imodzi inkagulidwa ndi K22, ndipo mu Juni 2021 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 24.6 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Mwezi womwewo Covid-19 inabweranso kachitatu, maliro n'kuchuluka. Pa 17 Juni a Kenneth Kaunda anamwalira ali ndi zaka 97, ndipo anaikidwa ku Embassy Park pa 7 Julayi.

Mavoti anaponyedwa pa 12 Ogasiti. A Hakainde Hichilema a UPND anaposa a Edgar Lungu a PF ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi, nalumbira pa 24 Ogasiti. Pofika Seputembala dola inali itatsikira cha ku K16.

Apa ana adzakufunsani: nanga bwanji mafuta ophikira ndi sopo sizinatsike mtengo ku msika wa Kapata ku Chipata? Ogulitsa anali ndi katundu wooda pa mtengo wakale, sakanamugulitsa moluza. Kenako mu Disembala, boma litagwirizana ndi IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, za ngongole ya madola 1.4 biliyoni, linasiya kuthirapo ndalama pa mafuta a galimoto. Petulo anachoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita, zoyendera n'kukwera, katundu wochokera ku Lusaka n'kukwera nazo.

Kwa ife a kum'mawa nkhani yaikulu ndi chimanga, ndipo musaithamangire. Dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni, FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, n'kuika K150 pa thumba la makilogalamu 50. Koma FRA siilandira chimanga chosauma bwino: chinyezi chisapitirire 12.5 peresenti, ndipo chofumbwa kapena cha zinyalala chimabwezedwa. Ndalamanso siilipira pompo. Mlimi wofuna fizi kapena feteleza mvula isanagwe sangadikire, ndiye amagulitsa kwa mavenda pa mtengo wotsika. Ana amvetse kuti kukolola zambiri sikutanthauza kuti m'thumba mwa mlimi mwalowa zambiri.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi ichi: amalemba kuti sukulu yaulere inayamba mu 2021. Ayi. Nduna ya zachuma a Situmbeko Musokotwane analengeza zimenezi mu bajeti ya pa 29 Okutobala 2021, pamodzi ndi kukweza CDF, ndalama za chitukuko cha m'madera, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, koma zonsezi zinayamba kugwira ntchito mu 2022. Kulemba ntchito aphunzitsi 30,000 ndi za 2022 zomwezo.

Za mpira musazisiye, chifukwa ndi pomwe ana adzatchere khutu. Pa masewera a Olimpiki ku Tokyo, Barbra Banda anagoletsa zigoli zitatu pokumana ndi Netherlands, n'kugoletsanso zitatu pokumana ndi China. Patson Daka anapita ku Leicester City, ndipo mu Okutobala anagoletsa zinayi yekha ku Moscow. Mukhoza kuwayambitsira pamenepo, za ngongole zibwere pambuyo.