Mwala ukafika pamwamba n'kuima, acceleration imapita kuti?

Sabata yatha ndalandira imelo ya mnyamata wina amene wangoyamba kumene ku koleji, akuphunzira Physics ndi Calculus. Akuti: "Ndikaponya mwala m'mwamba, pamene waima usanayambe kubwerera, velocity ndi 0. Pa test ndinalemba kuti acceleration nayo ndi 0, andithetha. Chifukwa chani? Komanso dy/dx ndimangoloweza, sindidziwa kuti ndi chani kwenikweni. Kapena mutu wangawu si wa zimenezi?"

Mphwanga, funso lomalizalo ndi limene landikhalitsa pansi, chifukwa inenso ndinadzifunsapo mawu omwewo, usiku, nditakhala pabedi ku hostel pepala la test lili m'manja. Ndinachoka kwathu ndili munthu wotchuka, MSCE ndinakhoza bwino, mayi anachita kupha nkhuku, a mpingo anandipempherera. Kufika uko test yoyamba ya Calculus malikisi osafika ndi theka lomwe. Pepalalo ndinalipinda kanayi n'kulibisa pansi pa sutikesi, sindinauze munthu. M'kalasi tinalipo ambirimbiri, aphunzitsi akulemba pa bolodi mothamanga, akafika pamene ine ndasokera amangoti izi munachita kale ku sekondale, n'kupitirira. Ku sekondale kwake kuti? Sukulu yanga kunalibe Additional Mathematics, mawu oti limit ndinayamba kuwamva tsiku lomwelo. Ndiye umayang'ana anzako ochokera ku sukulu zikuluzikulu akugwedeza mitu, iwe mtima uli phaphapha kuopa sapu (mayeso obwereza ukalephera), kuopa kubwerera kumudzi ndi chikwama, dzanja osalikweza chifukwa ukuti andiseka.

Chimene chinandipulumutsa si buku. Anali mkulu wina wa chaka chachitatu amene tinakwera naye minibasi imodzi kuchokera ku Limbe kupita ku Zomba, tinakhala kutsogolo pafupi ndi adalaivala. Nditamudandaulira anangoloza kamuvi ka speedometer (mwamwayi minibasi imeneyo kanali kamoyo, zambiri kanafa kalekale). Anati tayang'ana, ulendowu ndi wa makilomita 60 ndi kenakake, tikafika ugawe mtundawo ndi nthawi imene tayenda upeza liwiro limodzi la ulendo wonse. Koma kamuvika sikakudziwa za ulendo wonse, kakunena liwiro la pompano, pa Njuli kali pa 80, pa Namadzi tikuima kutsitsa anthu kagwa pa 0. Derivative ndi kamuvi kameneka basi. Kenaka anati usiye kuyang'ana nambala imene kaloza, uyang'ane mmene kamuviko kakusunthira, kakukwera msanga kapena kakutsika, imeneyo ndiye acceleration. Ndinakhala chete mpaka pa Thondwe. Miyezi iwiri ndikuloweza kuti x² imasanduka 2x osadziwa kuti ndikuyeza chani.

Ndipo apa ndilankhule mosabisa, kuloweza ndi kumene kukutipha. Ku sekondale kumatipindulira, umaloweza ma formula atatu aja a motion, umachita ma past paper mpaka funso umalizindikira ngati nkhope ya m'bale wako, mayeso umakhoza. Ku koleji funso limabwera litavala malaya ena ndiye umangoti kakasi. Sindikunyoza aphunzitsi athu a ku sekondale ayi, ambiri amaphunzitsa Physics opanda labu, opanda ngakhale stopwatch, ana odzaza kalasi. Koma mphunzitsi wa ku koleji amene amati izi n'zophweka kwa mwana amene sanazionepo akulakwa, ndipo sindisintha maganizo pamenepa. Sizophweka. Anthu anzeru anakhala zaka pafupifupi 2000 akukhulupirira za Aristotle zoti chinthu chimayenda pokhapokha china chake chikuchikankha. Galileo anachita kugubuduza timipira pa thabwa lopendekeka kuti aone bwino mmene zinthu zimagwera, buku lake linatuluka mu 1638 ali nkhalamba, maso atafa. Leibniz anasindikiza calculus yake mu 1684, ndipo ka d kamene kakukuzunguzako ndi kake. Malamulo atatu a Newton anatuluka mu 1687. Zimene zinawatengera anthu amenewa moyo wonse iwe akuti uzimeze pa semesita imodzi, ndiye ukatsamwa uziti mutu wako ndi woipa?

Palinso nkhani ya chilankhulo imene anthu saikamba. Ife timati kulemera, kaya ndi mass kaya ndi weight. Timati liwiro, kaya speed kaya velocity (liwiro lonenanso mbali imene chinthu chikulowera), ndipo galimoto ikamathamanga kwambiri ndi pamene timaganiza kuti acceleration ndi yaikulu, chonsecho galimoto yoyenda 120 osasintha pamsewu wowongoka acceleration yake ndi 0. Nkhondo ndi iwiri, Chingerezi ndi Physics yomwe. Ine zinayamba kulowa pamene tinapanga kagulu ka anthu anayi n'kumakangana m'Chichewa, magetsi akazima tili pa kandulo, wina akuti iyayi aise mwalawo palibe akuukankha, dzanja unalisiya kale. Ukatha kumufotokozera mnzako m'chilankhulo cha kwanu ndiye kuti wamva, ukamangobwereza Chingerezi cha m'buku sunamve.

Tsopano mwala wako uja

Uponye m'mwamba pa 19.6 m/s (mamita 19.6 pa sekondi), za mphepo tiziike pambali. Dziko likuukoka, sekondi iliyonse likuchotsapo 9.8 m/s. Ikatha sekondi imodzi velocity ndi 9.8, ziwiri ndi 0, apo uli pamwamba penipeni mamita 19.6, zitatu ndi 9.8 koma cholowera pansi, timalemba -9.8. Taona manambalawo: 19.6, 9.8, 0, -9.8. Akutsika mofanana, pa 0 angodutsapo, sanapumepo. Kukoka kwa dziko sikunasiye chifukwa choti mwala waima. Acceleration ikanakhala 0 pamwambapo pamene velocity ilinso 0, palibe chikanasintha, mwalawo ukanangotsala m'malere. Yankho linali 9.8 m/s² cholowera pansi, pokwera, pamwamba, ndi potsika pomwe.

Za dy/dx tenga calculator uchite wekha, usangowerenga. Mwala wongousiya kuti ugwe umayenda mtunda s = 4.9t², s ndi mamita, t ndi masekondi. Pa t = 2 wagwa mamita 19.6. Pa t = 2.1 wagwa 21.609, kusiyana kwake 2.009, gawa ndi 0.1 upeza 20.09. Chepetsa kampatako, pa t = 2.01 ugawe kusiyanako ndi 0.01, upeza 19.649. Chepetsanso kufika 2.001, uona ikukakamira ku 19.6. Nambala imene ikuyandikiridwayo ndiye limit, ndiyenso ds/dt pa t = 2 (dy/dx yomwe ija, kungoti zilembo ndi s ndi t), ndipo lamulo lija unaloweza limapereka 9.8t, ikapo 2 upeza 19.6 yomweyo. Ka d sikakuchulukitsa kanthu, kakungonena kuti kusintha kochepetsetsa. Integration ndi ulendo wobwerera, uli ndi zonse zimene kamuvi kanaloza panjira, ukufuna mtunda.

China, uunikenso pepala lakolo bwinobwino, mwina upeza kuti malikisi ambiri anathera pa algebra, ma fraction, ma indices, kutsegula ma bracket, osati pa calculus. Kwa ine zinali choncho, ndinabwereka buku la Form 3 kwa mwana wa achimwene n'kumachita masamu khumi m'mawa uliwonse ndisanapite kukalasi. Funso lililonse la Physics uyambe wajambula chithunzi ndi mivi ya ma force, usankhe kuti kumwamba ndi + kapena -, formula ibwere pambuyo. Ndipo pepalalo usalibise pansi pa sutikesi ngati ine, pita nalo ku ofesi ya aphunzitsi ako sabata ino, uwalozere funso la mwalalo, uwauze mmene unaganizira. Ukachita za 2.001 zija undilemberenso undiuze nambala imene wapeza.