Datsun ya malemu bambo ikulira "tchi-tchi-tchi" m'mawa

Wina wandilembera kuti Datsun 1200 imene anamusiyira bambo ake ikumachita kaphokoso ka "tchi-tchi-tchi" akangoiliza, koma ikatentha kaphokosoko kamazilala. Makaniko akuti angomatapo silikoni. Avomere?

Musavomere, achimwene. Gasiketi (kachinthu kopyapyala kotseka mpata pakati pa zitsulo ziwiri) ya manifodi ya ekizozi (mapaipi otulutsa utsi mu injini) yapsa. Zitsulo zikatentha zimafufuma n'kutseka kampatako, n'chifukwa chake phokosolo limabisala. Suzumirani pomwe manifodi yagundana ndi hedi (chitsulo chapamwamba pa injini), mupezapo mwaye wakuda bii.

Nkhani ya silikoniyi imandipsetsa mtima. Amalume anga anali ndi Nissan 1400, mng'ono wake wa galimoto yanuyo, ija ankapanga ku South Africa mpaka 2008. Ankapikula tomato pa Lizulu kukagulitsa ku Lilongwe. Mnyamata wina wokonzera pansi pa mtengo anaimata phala lofiira n'kulandira ndalama zake. Phalalo linapsa msangamsanga. Amalume anayamba kumafika kunyumba mutu ukugunda, maso ali psuu, chizungulire chili tho, azakhali n'kumati abambo ayambiranso kachasu. Nkhani inafika mpaka kwa ankhoswe! Chonsecho unali utsi wa carbon monoxide umene unkalowera m'timabowo ta pansi pa dashibodi, iwo atatseka mawindo chifukwa cha chisanu cha ku Dedza. Utsi umenewu umapha.

Kenaka mnyamata uja anawagulitsanso kabyuleta (chosakaniza petulo ndi mpweya) ina, poti injini inkanjenjemera ikaima. Pa injini zimenezi manifodi yolowetsa petulo ndi ya utsi zili mbali imodzi, gasiketi yake ndi imodzinso, ndiye ikaonongeka injini imatha kumakokanso mpweya wakuba. Kabyuleta inalibe mlandu. Ine ndimati munthu amene sanagwirepo injini ya kabyuleta asayandikire galimoto yakale, olo galaja yake ikhale ndi kompyuta zingati. Zomatamatazi n'zimene zikutumiza magalimoto abwinobwino kwa ogula zitsulo zakutha.

Chochita

Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pa manati madzulo, mumasule m'mawa injini itazizira. Osakakamiza: hedi ndi ya aluminiyamu, sitadi (bawuti yomangirapo nati) ikathyokera m'katimo mulira. Palani gasiketi yakale yonse, muike lula yachitsulo pankhope ya manifodi. Kuwala kukamadutsa pansi pake ndiye kuti yapindika, kaiseletseni pa makina, apo ayi gasiketi yatsopano ipsanso. Gasiketi yatsopanoyo muiike youma, yopanda silikoni, manati akhale abulasi, mumange kuyambira pakati kupita kumapeto. Mukayenda masiku angapo, mangitsaninso injini ili yozizira.