Ronaldo akuswa anthu mu Fatal Fury: anavomera ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amameta anthu ku Rosettenville kuno ku Joni. Mu saluni mwawo anaikamo PlayStation kuti makasitomala asamathawe mzere ukatalika. Tsiku lina mnyamata wina anabwera ndi gemu yatsopano yomenyana ya Fatal Fury, n'kusankha Cristiano Ronaldo, n'kuyamba kufwafwantha anzake ndi mpira kumaso. Achimwenewa poyamba anayesa kuti ndi zija amachita anyamata odziwa kompyuta zosokoneza magemu. Atamva kuti ndi mmene gemuyo inatulukira kufakitale, anandilembera: "Kodi amene anapanga gemu imeneyi anavomera? Munthu ukapanga chinthu chako, ena angamalowetsemo aliyense iwe uli duu?" Pansi penipeni anawonjezera kuti mwana wawo wamkazi amajambula, wapanga kagemu ka pafoni ka kalulu wothawa alenje, ndipo pali bambo wina amene akufuna "kukagula".

Achimwene, ndiyamba ndi Ronaldo, koma ndikudziwa kuti chimene chakusowetsani tulo ndi kalulu.

Inde, ndi zoona. Fatal Fury: City of the Wolves inatuluka mu Epulo 2025, ndipo Ronaldo alimo ngati womenya nkhonya weniweni, limodzi ndi Terry Bogard, ngwazi ya gemuyi kuyambira kale, ndi anzake. Alimonso DJ wina dzina lake Salvatore Ganacci, amene ambiri a ife tinamumva koyamba tsiku lomwelo. Anthu amene anadikira zaka 26 chitulukireni Fatal Fury yapitayo, Garou: Mark of the Wolves, mu 1999 sanasangalale onse, poti malo awiri amenewo akanatha kukhala a omenya akale amene anawasowa. Mukafuna kudziwa kumene mphepo inachokera, yang'anani mwini kampani. SNK, imene imapanga Fatal Fury, ndi ya ku Japan, koma pofika 2022 pafupifupi magawo 96 pa 100 alionse anali m'manja mwa kampani ya Misk Foundation, bungwe la Mohammed bin Salman wa ku Saudi Arabia. Ronaldo naye wakhala akusewera ku Al-Nassr ya ku Riyadh kuyambira 2023. Ine pamsonkhano wawo panalibe, koma utsi sufuka popanda moto.

Tsono pamene mukuti "amene anapanga gemu", mukunena ndani? Fatal Fury yoyamba, ya 1991, anaitsogolera ndi Takashi Nishiyama. Bambo yemweyu ndi amene anatsogolera Street Fighter yoyamba ku Capcom mu 1987. Atachoka ku Capcom, Ryu ndi Ken, omenya a mu Street Fighter, sanawanyamule, anatsala komweko. Atachokanso ku SNK, Terry anatsala. Lero Terry akupezeka mu Street Fighter 6, Ken akupezeka mu Fatal Fury, ana a bambo mmodzi akuyenderana, koma amene akusainirana mapepala ndi makampani awiriwo.

Kwathu ku Dedza timazidziwa bwino izi, kungoti sitizitchula ndi mawu a maloya. Mwamuna wa chikamwini amamanga nyumba, amalima munda, amabereka ana. Ukwati ukatha amanyamula bulangete ndi kakhasu kake, ana amatsala kwa eni mbumba. Mwana akafuna kukwatiwa, amene amapereka mawu ndi malume. Wojambula kapena wolemba mapulogalamu amene walembedwa ntchito pakampani ndi mkamwini ndithu. Mwana amafanana naye mphuno, aliyense pamudzi amadziwa kuti bambo wake ndi uje, koma pa nkhoswe sakhalapo. Ndipo si za ku Japan zokha. Lamulo la umwini wa zaluso la kuno ku South Africa, la 1978, limanena kuti chimene munthu wapanga pogwira ntchito imene analembedwa, mwini wake ndi bwana.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha Solid Snake, msilikali wa m'gemu ya Metal Gear, chifukwa munthu yemweyo anayenda ulendo wachilendo kawiri, m'njira ziwiri zosiyana. Ulendo woyamba, Hideo Kojima, amene anayambitsa Metal Gear, anapempha yekha mnzake Masahiro Sakurai kuti Snake alowe mu gemu ya Sakuraiyo, Super Smash Bros., mmene anthu a m'magemu osiyanasiyana amamenyana. Zinatheka mu 2008, msilikali wa nkhope yolusa n'kumagwetsana ndi Mario ndi Pikachu, atabisala m'katoni yake ija. Zinali zodabwitsa, koma unkaona kuti bambo wa mwana waperekeza yekha. Kojima anasiyana ndi Konami, kampani imene ndi mwini wa Metal Gear, mu 2015. Metal Gear inatsala. Mu 2018 Konami inatulutsa Metal Gear Survive iye kulibe, ndipo mu 2024 Snake anatulukira mu Fortnite. Panalibe chifukwa chomufunsa, pakuti pamapepala Snake si wake.

Musaganize kuti eni mapepala amangotaya ana awo mwachisawawa ayi. Nthawi zambiri amakhala ouma kuposa wopanga. Sora wa mu Kingdom Hearts anamujambula ndi Tetsuya Nomura wa ku Square Enix, koma mwini wake ndi Disney. Anthu anamupempha kwa zaka kuti alowe mu Smash, ndipo analowa womaliza mu Okutobala 2021. Mukamuyang'anitsitsa muona kuti wabwera yekhayekha ngati mwana wamasiye: Donald ndi Goofy, amene sasiyana naye m'magemu ake, kulibe. Chatsala ndi kachizindikiro ka mutu wa Mickey kolendewera pa kiyi wake. Pamenepo ndi pamene panathera chilolezo. Steve wa Minecraft analowa mu 2020 ndi dalitso la Microsoft, imene inagula Mojang, kampani yopanga Minecraft, mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni. Markus Persson, amene anayamba Minecraft, anali atatenga zake kalekale n'kuchoka.

Ndiye yankho la funso lanu loyamba n'lakuti wina anavomera, koma kawirikawiri si amene mukumuganizira. Ine sindidana ndi alendo m'magemu. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Negan wa mu sewero la pa TV la The Walking Dead atalowa mu Tekken 7 mu 2019 ndi chibonga chake cha waya waminga ndinaseka, kenako ndinamusewera miyezi itatu. Chimene ndimayang'ana n'chakuti, kodi mlendoyu amulandira ndi anthu amene akuidziwa nyumba, kapena wangotsitsidwa pakhomo ndi galimoto ya abwana? Za Ronaldo ndinenapo maganizo anga: amaseweredwa bwino kuposa mmene ndinkaopera, koma akuoneka kuti wabwera ndi galimoto.

Tsopano kalulu.

Musanapite kutali kufuna chitsanzo, kwerani takisi mupite m'tauni. Mu 1939, muno mu Johannesburg, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo ya "Mbube" ku situdiyo ya Gallo, kampani imene iye ankagwirako ntchito yolongedza malekodi. Umwini wake anaugulitsa pa mashiling'i 10. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasintha dzina, inadzalowa mpaka mu filimu ya Disney ya 1994, The Lion King. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi. Ana ake anapita kukhoti mu 2004, ndipo mgwirizano unadza mu 2006, patapita zaka 44 bambo awo ali m'manda. Alexey Pajitnov anapanga Tetris ku Moscow m'ma 1980, koma popeza ankagwira ntchito ya boma la Soviet Union, ndalama zake anayamba kuziona mu 1996. Andrzej Sapkowski wa ku Poland, wolemba mabuku a The Witcher, yekha ndiye anadzipweteka ndi dzanja lake: anakana kugawana phindu ndi kampani ya magemu ya CD Projekt, n'kusankha ndalama za pompopompo poganiza kuti gemu ya The Witcher siipita patali. Mu 2018 anabwerera kukafuna ma złoty 60 miliyoni, ndipo anadzagwirizana mu 2019. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma mwambi umenewu wasaukitsa aluso ambiri.

Inenso ndinalawako, pang'ono pokha. Chaka changa chachiwiri kuno, lendi itandithina, ndinajambulira malo ena ogulitsa nkhuku ndi tchipisi tambala wovala kapusi, wotsinzina diso limodzi. Mwini malo anandiwerengera R600 pakauntala, n'kundipatsa kapepala koti ndisaine, ine osawerenga, maso ali pa ndalama. Anandiwonjezeranso ntchafu ziwiri ndi tchipisi, ndinatuluka ndikuona ngati ndamudyera. Patapita zaka zitatu ndili mu takisi pa Jules Street, ndinangoona tambala wanga pa chikwangwani cha malo omwera mowa, atagwira botolo, diso lija likutsinzinira mtsikana. Ine sindimwa, ndipo mayi anga ndi a Mvano. Nditapita kukafunsa anandionetsa kapepala kaja, dzina langa lili pansi, lolembedwa bwinobwino ndi dzanja langa. Ndalama sizinandiwawe kwenikweni. Chinandiwawa n'chakuti ndinalibe pakamwa ponenera kuti ayi.

Pakamwa pamenepo ndi pamene mwana wanu ali napo lero, ndipo ndi chuma chachikulu kuposa kagemuko. Iye sanalembedwe ntchito ndi munthu, choncho kalulu ndi wake kuyambira tsiku limene anamujambula. Ali ngati Toby Fox, amene anapanga Undertale pafupifupi yekha: Sans wa mu gemuyo atalowa mu Smash mu 2019 ngati chovala cha Mii (kamunthu kamene wosewera amadzipangira), panalibe kampani ina yomulankhulira pamutu. Choncho bambo ofuna "kugula" aja muwafunse mawu amodzi: akufuna kubwereka kapena kutengeratu? Kubwereketsa, kumene amati laisensi, kumakhala ndi malire: zaka zingati, mayiko ati, pafoni pokha kapena ndi pa malaya pomwe. Nthawi ikatha kalulu amabwerera kwawo. Kugulitsiratu umwini ndi chitengwa, ndipo lamulo la kuno limafuna kuti kulembedwe ndi kusainidwa ndi mwini wake kuti kugwire ntchito. Ndiye chala cha mwana wanu chisafulumire.

Pakontirakiti muonetsetse kuti gemu ndi kalulu azitchula padera. Akhoza kutenga gemu iyi, koma kalulu, dzina lake ndi maonekedwe ake zikhale za mwana, kuti mawa akafuna kupanga yachiwiri asakapemphe chilolezo kwa munthu. Pakhalenso mzere wonena kuti kalulu sangaikidwe mu gemu ina, pa malonda, kapena pambali pa chinthu china popanda iye kuvomera molemba. Mzere umenewo ndi umene ukanapulumutsa tambala wanga. Ndalama zikhale ziwiri, ya pamanja ndi gawo la zimene zizilowa, ndipo alembe kuti muziona mabuku kangati pachaka. Ngati mwanayo sanakwane zaka 18, inu ndi amene muyenera kumuthandiza kusaina, ndiye udindo wowerenga uli pa inu. Loya amadula, ndikudziwa, koma mayunivesite a Wits ndi UJ ali ndi malo othandiza anthu pa zamalamulo, mukhoza kuyamba kufunsa kumeneko. Zojambula zoyamba zonse, za m'kope ndi za mu kompyuta, azisunge ndi madeti ake.

Bambowo akakwiya poti mwafunsa mafunso, n'kumati mwayi ukutha mawa, mwadziwa kale mtundu wa munthu amene mukuchita naye.

Loweruka ndibwera kudzametetsa, tsitsi lafika poipa. Mumuuze mwanayo abwere ndi foni yake ndidzaone kalulu, ndipo kontirakitiyo ngati yafika musaisaine, mungoiika m'dirowa ya makina ometera. Mnyamata wa Ronaldo uja mumuuzenso kuti ine ndidzatenga Terry.