Kodi kompyuta imamva bwanji zimene timalemba mu Python?

Wowerenga wina amene wangoyamba kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, wandilembera imelo ndi funso ili: aphunzitsi ake anamuuza kuti kompyuta imadziwa manambala awiri okha, 0 ndi 1, nanga iyo imadziwa bwanji chochita iye akalemba mawu oti print, omwe amauza kompyuta kuti ionetse zinthu pa sikirini?

Mbale wanga, aphunzitsi anuwo sananame. Mtima wa kompyuta ndi purosesa, momwe muli timasiwichi mabiliyoni ambiri totchedwa ma transistor, ndipo kalikonse kamalola magetsi kudutsa kapena kamawatsekereza, zomwe ife timazilemba kuti 1 ndi 0. Purosesayo inapangidwa kuti izitsata malamulo osavuta kwambiri, monga kutenga nambala pamalo ena, kuiphatikiza ndi inzake, kusunga yankho, kapena kudumphira ku lamulo lina, ndipo lamulo lililonse lili ndi nambala yake. Ngakhale chilembo A chimasungidwa ngati nambala 65, yomwe imalembedwa 01000001. Malamulowa amasiyana malinga ndi mtundu wa purosesa: za Intel ndi AMD zimatsata a x86, pamene mafoni ambiri amatsata a ARM.

Choncho mawu oti print purosesa siyiwadziwa n'komwe. Pakati pa inu ndi iyo pali womasulira, ndipo womasulirayo nayenso ndi pulogalamu yolembedwa ndi anthu. Kale akatswiri ankalemba okha malamulo a makinawo, ntchito yotopetsa ndi yosavuta kulakwitsa, mpaka pamene Grace Hopper anapanga womasulira wotchedwa A-0 mu 1952, kenako gulu la John Backus ku kampani ya IBM linatulutsa chilankhulo cha FORTRAN ndi womasulira wake mu 1957.

Omasulirawa alipo a mitundu iwiri. Wotchedwa compiler amafanana ndi munthu womasulira buku lonse lisanasindikizidwe: amawerenga pulogalamu yonse, n'kutulutsa fayilo ya malamulo a makina imene imadzayenda yokha popanda iye. Umu ndi momwe chimagwirira ntchito chilankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972. Wotchedwa interpreter amafanana ndi uja amaima pambali pa mlaliki wachilendo m'tchalitchi, kumasulira uku ulaliki uli mkati, ndipo akachokapo zonse zimaima. Njira yachiwiriyi imachedwerapo, koma imathandiza wophunzira kuona msanga zotsatira za zimene walemba.

Python, imene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, kawirikawiri imaikidwa m'gulu lachiwirili, koma zoona zake n'zakuti imaphatikiza zonse ziwiri. Choyamba imaduladula zolemba zanu m'tizigawo, n'kuona ngati tasanjidwa motsata malamulo a chilankhulocho, kenako imazisandutsa malamulo apakatikati otchedwa bytecode. Pulogalamu ina, yolembedwa mu C ndiponso yomasuliridwa kale kukhala malamulo a makina, ndi imene imawerenga bytecode ija lamulo limodzilimodzi n'kuchititsa purosesa ntchitoyo. Chilankhulo china chotchedwa Java nachonso chimadutsa mu bytecode.

Ine ndimaona kuti mawu oti "kumva" ndi amene amasokoneza ophunzira ambiri, chifukwa amawachititsa kuyembekezera kuti kompyuta iziganizira cholinga chawo monga angachitire munthu. Mukaiwala kutseka bulaketi imodzi yokha, Python imakana kuyendetsa fayilo yonse, popeza kasanjidwe kasweka. Koma mukalemba chizindikiro chochotsera pomwe mumafuna chophatikizira, iyo imayenda bwinobwino n'kukupatsani yankho lolakwika osadandaula konse, ndipo cholakwa chotere ndi chimene muyenera kuchiopa kwambiri, makamaka pulogalamu yanu ikamawerengera ndalama za anthu.

Ngati mukufuna kudzionera nokha, Python ili ndi gawo lotchedwa dis. Lembani import dis, kenako dis.dis("print(2)"), ndipo idzakuonetsani bytecode imene yatuluka mu mzere umodzi wokhawo, malamulo angapo osanjikizana, limodzi lotenga dzina la print, lina lotenga nambala 2, lina loitana ntchitoyo.