Yankho: kodi khonsolo ingakweze council tax osafunsa anthu?

Achemwali, mwafunsa ngati khonsolo ya kwanuko ku England ili ndi mphamvu yokweza council tax (msonkho wa pa nyumba zokhalamo womwe khonsolo imatolera) popanda kukufunsani. Inde, koma pali malire. Lamulo la Localism Act la 2011 limati boma liziika mlingo wokwezera msonkhowu chaka chilichonse, ndipo khonsolo yofuna kupyola pamenepo iyenera kuitanitsa chisankho kuti anthu avomereze. Zaka zaposachedwapa, mlingowu wakhala pafupifupi 5 peresenti kwa makhonsolo osamalira okalamba ndi olumala.

Makhonsolo amachita mantha nacho chisankho chimenechi. Mu 2015 mkulu woyang'anira apolisi ku Bedfordshire, Olly Martins, anapempha kuti gawo la msonkhowu lopita kwa apolisi likwere ndi 15.8 peresenti. Anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse anakana, ndalama zoyendetsera chisankhocho n'kungolowa m'madzi. N'chifukwa chake ambiri amakweza mpaka kukhudza malirewo, kenako n'kutseka malaibulale kapena kuchepetsa masiku otola zinyalala. Kwa ine kumeneko n'kuzemba, bola akanafunsa anthu poyera.

Musaiwalenso kuti kumeneko kawirikawiri wolipira msonkhowu ndi wokhala m'nyumbamo, ngakhale mukuchita lendi, ndipo ngati mumakhala nokha amakuchotserani 25 peresenti mukapempha.