Zilembo zopendekeka pa dzina la bizinesi ya madiresi a ukwati

Mayi wina amene amasoka madiresi a ukwati ku Namiwawa wandilembera pa imelo. Akufuna kuti dzina la bizinesi yawo lilembedwe ndi zilembo zopendekeka zonga za m'magazini a mafashoni, ndipo akufunsa mtundu umene ungaoneke wapamwamba pa chikwangwani, pa makadi ndiponso pa kansalu ka dzina kosokerera m'khosi mwa diresi.

Mayi, musanasankhe mtundu uliwonse, dziwani kuti si zilembo zonse zopendekeka zimene zili italic yeniyeni. Kompyuta ikapatsidwa mtundu wa zilembo umene ulibe italic yakeyake, imangokankhira zilembo zowongoka kumanja ngati chimanga chimene chagonekedwa ndi mphepo, ndipo zozungulira monga o ndi e zimapindika moipa. Italic yeniyeni imajambulidwa payokha, chilembo ndi chilembo. Njira yachidule yodziwira ndiyo kuyang'ana a ndi f: m'mitundu yambiri, a wa italic yeniyeni amafanana ndi amene tinaphunzira kulemba m'kope ku pulayimale, ndipo f amatsitsa mchira wake pansi pa mzere.

Kufanana ndi dzanja la munthu kumeneku kunachokera kutali. Buku loyamba kusindikizidwa lonse ndi zilembo zotere linatuluka ku Venice m'chaka cha 1501, kwa wosindikiza Aldus Manutius, ndipo amene anasema zilembozo anali Francesco Griffo, potengera kalembedwe ka pamanja ka anthu ophunzira a ku Italy. Ndicho chifukwa chake dzina lolembedwa mu italic limamveka ngati siginecha ya mwini wake, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ndi ya manja monga inu, ine ndikuona kuti mwalasa.

Zimene mumaziona m'magazini kawirikawiri ndi za banja la Didot ndi Bodoni, mitundu imene inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, wina ku Paris ndi Firmin Didot, wina ku Parma ndi Giambattista Bodoni. Kukongola kwake kwagona pa kusiyana kwa mizere: yotsika ndi yonenepa, yopingasa ndi yopyapyala ngati tsitsi. Magazini ya Harper's Bazaar inachita kupangitsa Didot yakeyake kwa wojambula zilembo Jonathan Hoefler mu 1991, ndipo anaijambula m'masayizi osiyanasiyana kuti mizere yopyapyalayo isasowe zilembo zikachepa. Mfundo imeneyi ndi imene ikukhudzeni kwambiri, pakuti magazini amasindikizidwa pa pepala losalala ndipo amawerengedwa ali m'manja, pamene chikwangwani chanu chidzawerengedwa ndi munthu amene ali m'minibasi pa msewu, dzuwa likumuthobwa m'maso. Ineyo ndinalakwitsapo pamenepa. Ndinasankhira kasitomala wina zilembo zoonda kwambiri, ndipo chikwangwani chitakwezedwa, mizere yopyapyala yonse inazimirira kotero kuti munthu woima tsidya lina la msewu ankangoona timitengo toimirira m'malo mwa dzina. Tinasindikizanso, ndipo ndalama zake ndinalipira ndine.

Mitundu itatu imene ndingakulangizeni imapezeka mwaulere pa tsamba la pa intaneti la Google Fonts, ndipo chilolezo chake chimalola kuigwiritsa ntchito pa malonda. Playfair Display Italic, ya Claus Eggers Sørensen, ndiyo yoyandikira kwambiri maonekedwe a m'magazini, komanso ili ndi makulidwe angapo, choncho pa chikwangwani mutha kutenga yonenepako. Cormorant Italic ndi yokongola kopambana koma ndi yoonda, moti ndingaiike pa khadi loitanira anthu ku ukwati lokha, pa pepala labwino, zilembo zili zazikulu. EB Garamond Italic ndi yofatsa ndipo imapirira ikachepetsedwa, motero ndi imene ndingaiyese pa kansalu ka m'khosi, popeza ulusi sungatulutse mzere woonda kuposa ulusi womwewo. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene ulusi umakhalira pa nsalu yoterera. Pemphani osindikiza kapena opeta akupangireni kamodzi koyesera pa sayizi yeniyeni musanalipire zambiri.

Pali chinanso chimene ife olemba Chichewa tiyenera kuchiyang'ana tokha, chifukwa ojambula zilembo ambiri sanatiganizire. Lembani mawu akuti Malaŵi ndi ng'oma mu mtundu umene mwasankha. Ngati mtunduwo ulibe ŵ, kompyuta imabwereka chilembocho ku mtundu wina ndipo chimaonekera patali kuti ndi chachilendo. Kachizindikiro ka mu ng' nako kakhale kopindika, ndipo kasagundane ndi g, zimene zimachitika kawirikawiri mu italic.

Pomaliza pa funso lanu la chikwangwani, italic ikhale pa dzina lokha. Musalilembe lonse m'zilembo zazikulu, chifukwa kuyenderera kwa italic kuli m'zilembo zazing'ono. Nambala ya foni, malo ndi mawu akuti timasoka madiresi a ukwati zikhale m'zilembo zowongoka ndi zosavuta kuwerenga. Mukasindikiza koyeserako, kakhomeni pakhoma la shopu masana, muwoloke msewu, muwerenge muli komweko.